Funsani Amalume: Alamu ya njinga ikulira yokha usiku, ndidule mawaya?

Amalume, ndine mnyamata wa ku Mabvuku, ndimaperekera katundu m'tauni pa njinga yamoto ya 125. Chaka chatha ndinaikitsa alamu ya limoti kwa mnyamata wina wa m'mbali mwa msewu. Inkagwira bwinobwino, koma chiyambire mvula mu Novembala yapenga. Imalira yokha cha m'ma 2 koloko usiku, moti eni nyumba andichenjeza kale kawiri. M'mawa sitata imangoti kete kete, mpaka ndikike kapena ana andikankhe. Lolemba lapitali injini inazima yokha ndili mu Mutare Road, cha ku Msasa, katundu wa kasitomala ali kumbuyo. Mnzanga akuti ndingotenga pulayala n'kudula mawaya onse. Nditero?

Wosowa tulo, Mabvuku

Aphwanga, pulayalayo ibwezeni kaye m'thumba. Mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma mukamumvera mawa mukankha njinga kuchokera ku Mabvuku mpaka kuno ku Highfield.

Tiyambe ndi batire, chifukwa alamu zambiri zomwe anthu amabwera nazo kuti zapenga zimakhala zili ndi njala chabe. Bwerekani multimeter, mita yoyezera magetsi, muyeze batire m'mawa njinga isanalizidwe. Batire yokhuta imawerenga 12.6V kapena kupitirira pang'ono. Ikafika pa 12.0V ndiye kuti yatsala pang'ono kutheratu, ndipo kabokosi ka alamu kakamalandira magetsi operewera chonchi kamazima n'kudzukanso kokha. Kena kakamadzuka kamadzuka ndi mfuu. Usiku kukazizira batire yotopa imatsikanso, n'chifukwa chake phokosolo limasankha nthawi yomwe eni nyumba ali mtulo tofa nato. Mukatero lizani injini, muikweze pang'ono, muyezenso. Muyenera kuona pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Ngati nambala sikukwera, wolakwa ndi regulator, kachipangizo kowongolera magetsi opita ku batire, kapena mawaya ochajira, ndipo ngakhale mutachotsa alamu sitata idzapitiriza kete kete yake.

Tsono pali funso loti ndani akudya mnzake: batire yofooka ikupengetsa alamu, kapena alamu ndiyo ikuyamwa batire? Zimitsani kiyi, masulani waya wa negetivu, muike mita pakati pa wayayo ndi mutu wa batire, mutayamba ndi pa 10A kenako n'kutsikira ku mA, poyezera timagetsi tochepa. Musakhudze sitata mita ili pamenepo, mupsereza fiyuzi yake, mwini mita n'kukudani. Alamu yabwino imangonyambita, ma mA ochepa chabe. Yomwe yalowa madzi imatha kumwa 20mA kapena kuposa. Werengani nokha: 20mA kwa maola 24 ndi pafupifupi theka la Ah, muyeso wa magetsi omwe batire imasunga, pomwe batire ya njinga ngati yanuyo nthawi zambiri ndi ya 5Ah kapena 7Ah basi. Njinga ikagona sabata imodzi, theka la batire kapena kuposa lapita. Zulani kafiyuzi ka pa waya wofiira wa alamu. Nambala ikagwa, mbala mwaigwira.

Mwatchula mvula, ndipo ine mtima wanga uli pomwepo. Anyamata oika alamu mothamanga amakonda kukankhira kabokosiko pansi pa chishalo, pafupi ndi tayala lakumbuyo, pomwe matope onse a mumsewu amathera. Katsegulenitu muone. Mukapeza zobiriwira ngati ndere pa timiyendo ta pulagi, kapena madontho m'kati, kaumitseni padzuwa, mutsuke ndi kaburashi. Onaninso ngati kakugwedera, poti kabokosi kolendewera kamamva ngakhale galu akadzikanda pa tayala. Ma alamu ambiri amalola kuchepetsa kumva kwake pa limoti kapena pa kasikuluwu kakang'ono. Limoti nayonso ili ndi kabatire kake, kawirikawiri 27A, 23A kapena CR2032.

Zonsezi ndikananena kuti yesani kaye, mupirire nayo. Koma zoti injini inazima muli pakati pa msewu zandisinthitsa maganizo. Alamu yolira usiku imangokudanitsani ndi aneba. Yozimitsa injini kombi ili kumbuyo kwanu ikhoza kukuphetsani. Imeneyo ichoke.

Chomwe mnzanu sakudziwa n'chakuti alamu yotere siimangokhala pambali ngati wailesi. Poiika, mnyamata uja anadula waya umodzi wa njinga, n'kulowetsa alamu pakati, kuti moto uzidutsa mwa iyo. Ntchito yonse yochotsa yagona pa kupeza waya ameneyo n'kumubwezera momwe analili.

Musanakhudze kanthu, jambulani mawaya onse ndi foni, mbali zonse. Kenako masulani negetivu ya batire, osati pozitivu poyamba, kuopa kuti sipanala ingagunde chitsulo n'kuthetheka. Sayirini zina zili ndi kabatire kawokawo ndipo zimakuwa zikamva kuti magetsi achoka, choncho musachite izi mbandakucha. Chotsani chishalo ndi zivundikiro zam'mbali, thanki ngati ikutchinga, muyambire pa kabokosi n'kumalondola waya mmodzimmodzi ndi chala mpaka pomwe wathera.

Mukakhala ndi mwayi mupeza kuti alamu ndi ya mapulagi, yongolowetsedwa pakati pa pulagi ya kiyi. Pamenepo zulani, mulumikize mbali ziwiri za njinga zija, mwamaliza. Koma ntchito ya m'mbali mwa msewu nthawi zambiri imakhala yosenda ndi kupota. Pa alamu zotchipazi mumapeza wofiira wopita ku batire, wakuda kapena wobiriwira wa earth (negetivu ya pa chitsulo cha njinga), achikasu awiri opita ku ma indiketa, wabuluu wopita ku relay, kaswitchi kodzutsa sitata, ndi wa olenji wopita kuseri kwa kiyi. Onsewa angoberekeka pamsana pa mawaya a njinga. Amasuleni, pomwe panasendedwapo mukulunge bwino. Wabuluuyo musamusiye wamaliseche, akakhudza moto sitata izungulira yokha. Otsala awiri, omwe kawirikawiri amakhala wa pinki ndi wotuwa, ndiwo agwira mbali ziwiri za waya wodulidwa uja. Mitundu imasiyana malinga ndi fakitale, ndiye khulupirirani chala chanu kuposa mndandanda wangawu. Chizindikiro chosanama ndi ichi: mawaya awiri a njinga a mtundu umodzimodzi, oyang'anizana, aliyense atagwirana ndi waya wa alamu.

Pa njinga zambiri za 125 zotengera kapangidwe ka Honda CG125, wayayo ndi wakuda wa mzere woyera, wochokera ku kiyi kupita ku CDI, kabokosi kopereka moto wolizira injini. Ntchito yake ndi yozimitsa: mukatseka kiyi, amagwetsera moto wa CDI ku earth. Apa ndi pomwe anthu amadabwa. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wachikulire wa ku Mufakose, mkulu wa mpingo, njinga ikulira, kiyi ali m'thumba la jekete. Mdzukulu wawo anali atadula alamu monga momwe mnzanu akunenera. Njinga inkalira ndithu, koma yosazima. Masiku atatu ankaizimitsa poiika m'giya n'kusiya kilatchi, ndipo aliyense wodutsa akanatha kuikika n'kumapita popanda kiyi. Atandifunsa ngati yalodzedwa, ndinawaonetsa nsonga ziwiri za waya zikulendewera pansi pa thanki. Pa njinga zomwe CDI yake imadya magetsi a batire zimakhala mosiyana: waya wodulidwa ndi wobweretsa moto, ndipo mukapanda kumulumikiza sitata izungulira mpaka batire kutha, injini osayankha.

Polumikiza musapote ndi zala n'kuphimba ndi tepi, poti matenda anu a mu Mutare Road mwina anayambira pa mfundo yotero. Wotchererani ndi soda, kachitsulo kosungunula kolumikizira mawaya, muveke kachubu kofota ndi moto kaja. Ngati waya wafupika, onjezerani kachidutswa konenepa mofanana. Mukatha bwezerani negetivu, muone fiyuzi yaikulu, muyese zinthu zinayi: ilire ndi sitata, izime ndi kiyi, ikane kulira mukaikika kiyi ali wotseka, ndipo ma indiketa onse aphethire. Batire ija muichajitse usiku wonse. Ikatsikanso yokha alamu kulibe, yatha ntchito, gulani ina.

Owerenga ena amene muli ndi njinga zikuluzikulu zobwera ndi immobiliser ya kufakitale, chida choletsa injini kulira popanda kiyi wake, monga HISS ya Honda, izi sizikukhudzani. Imeneyo imalankhulana ndi kiyi komanso kompyuta ya injini, siichotsedwa ndi pulayala.

Za akuba musade nazo nkhawa kwambiri. Loko wa pa disiki kapena tcheni chokhuthala chomangirira ku mzati sichidya batire ndipo sichidzutsa eni nyumba. Mawaya akakusokonezani, ikwezeni njingayo mubwere nayo kuno cha ku Gazaland Loweruka m'mawa. Mutenge buku la njinga ndi chitupa chanu, chifukwa ine alamu ya njinga yopanda mapepala sindiikhudza, ngakhale mwini wake atandilonjera m'Chichewa chakumudzi.