Mwana wanga akufuna kudzakhala loya, fizi ndidzaitenga kuti?

Funso: Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 ndipo watsimikiza mtima zodzaphunzira zamalamulo. Ine ndimagulitsa kaunjika, choncho ndalama za ku yunivesite sindingazikwanitse pandekha. Ndimamva kuti kunja kuli masikolashipu. Kodi tingawapeze bwanji? Mayi wa ku Balaka

Yankho: Mayi, mwafunsa nthawi ikadalipo, koma ndiyambe ndi kukuchenjezani kuti masikolashipu ambiri otchuka akunja salipirira digiri yoyamba. Chevening, yomwe ndi ya boma la Britain, imalipirira digiri ya masitazi ya chaka chimodzi, ndipo imafuna munthu yemwe ali kale ndi digiri komanso wagwirapo ntchito zaka ziwiri. Ya Rhodes, yopita ku yunivesite ya Oxford ku Britain, nayo imatenga omaliza digiri yoyamba. Motero gawo lovuta ndi la konkuno, ndipo ndi limene muyenera kulikonzekera kuyambira panopa.

Ku University of Malawi, ku Zomba, digiri ya zamalamulo imatenga zaka 4, koma kawirikawiri sukuluyi imatenga amene achitako kale maphunziro ena a ku yunivesite ndipo akhoza bwino. Izi zikutanthauza kuti mwana wanu ayenera kukhoza bwino MSCE, makamaka Chingerezi, kusankhidwa ku maphunziro ena kaye, kenako n'kupikisana ndi anzake pa malo ochepa omwe amakhalapo, kotero powerengera ndalama musaiwale chaka chowonjezeracho.

Thandizo lenileni la digiri yoyamba lili ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Bungweli limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa omwe ali m'masukulu ovomerezeka, ndipo ngongoleyo imabwezedwa akamaliza maphunziro. Ofunsira amachuluka kuposa ndalama zomwe zilipo, choncho tumizani fomu nthawi yake isanathe, ndipo sungani bwino chiphaso cha unzika ndi umboni uliwonse wosonyeza mapezedwe anu. Ngakhale ngongoleyo itapezeka, sikawirikawiri kuti ikwanire lendi, chakudya, laputopu ndi mabuku. Apa ndi pamene ndalama zomwe mungayambe kusunga lero, kaya ku banki m'khonde kaya ku akaunti yapadera yosaikhudzakhudza, zidzagwire ntchito.

Mukaganiza za sukulu yomwe si yaboma, fufuzani kaye ku National Council for Higher Education, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ngati maphunziro ake a zamalamulo ndi ovomerezeka, chifukwa n'zopweteka kulipira zaka zonsezo pepala lomwe silingamufikitse m'khoti. Dziwaninso kuti wophunzira kunja amayenera kudutsa ku Malawi Institute of Legal Education, sukulu yosula maloya, asanaloledwe kuimira anthu pa milandu, ndipo kumeneko nako kumafuna fizi.

Pomaliza, aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama kuti akupezereni sikolashipu ndi wakuba, pakuti kufunsira Chevening n'kwaulere ndipo munthu amafunsira yekha pa intaneti.