Mawu akuti "ndaifomata bwana" anandigwetsa m'dzenje

Achimwene, mwafunsa mmene mungafufutire zanu mu laputopu imene mukugulitsa. Imani kaye, laputopuyo musaipereke kwa wogulayo. Zimene akukuuzani ena muno zoti mungodilita mafayilo n'kukhuthula Recycle Bin, kapena mupite nayo akaifomate, ndi zomwezo zinandichititsa manyazi amene mpaka lero ndikawakumbukira tulo timandithawa.

Yanga inali Dell yakale ya Windows 7, hard drive yake ya 500GB, ija yozungulira mkati, yolira kuti tiki tiki ukamatsegula zinthu. Ndisanaigulitse, ndinaipereka kwa mkulu wina wokonza makompyuta ndipo ndinamuuza momveka bwino kuti chilichonse chichoke. Iye amvekere, musadandaule bwana, ituluka ngati yatsopano. Ola lisanathe foni ija ngrii, akuti yatha, Windows ina waikamo kale. Ine chitsiru ndinamuyamikira kuti ndi wachangu.

Patapita miyezi iwiri, usiku cha m'ma 11, nambala yachilendo inanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Kutsegula, chiphaso changa, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndisanapume n'komwe chabwera china, kalata ya ngongole imene ngakhale abale anga sankaidziwa, siginecha yanga ili pompo. Chachitatu ndi chimene chinandimaliza. Mayi a kunyumba ali pabedi la chipatala tsiku limene anachira mwana wathu woyamba, asanavale bwinobwino, chithunzi chimene ndinajambula ndekha ndipo sichinaonedwepo ndi munthu wina aliyense. Mwini wakeyo ali mtulo pambali panga, ine ndatsitsa kuwala kwa foni, ndafunda bulangete kumutu ngati wakuba, manja akunjenjemera, thukuta kamukamu. Ndinalemba kuti ndinu ndani, ndinafufuta, ndinalembanso. Mphindi zimene ankalemba yankho zija ndinkangoona ngati andiuza ndalama zoti ndimupatse.

Anali mng'ono wa munthu amene anagula laputopu yanga ija. Anadilita mwangozi ntchito yake ya kusukulu, anaika Recuva, pulogalamu yobwezera mafayilo odilitidwa, kuti aibweze, ndiye m'malo mwa fayilo imodzi kunatuluka mulu wa zanga. Anali mwana waulemu, akuti amangofuna kundichenjeza. Chabwino. Koma anaona zingati asanandilembere? Anaonetsa anzake angati? Sindidzadziwa.

Kutacha ndinamupitira mkulu uja. Osapepesa n'komwe! Akuti iye anafomata, za Recuva sizikumukhudza, komanso ndimasungiranji zinthu zotere mu kompyuta. Munthu wadya ndalama yanga, wandivula pagulu, mlandu ukhalenso wanga? Anthu amenewa amangodina quick format chifukwa imatha m'masekondi, kuti athamangire kasitomala wina. Quick format ili ngati kung'amba tsamba la zamkatimu m'buku, masamba ena onse alipobe, wodziwa kufufuza awerenga. Windows yatsopano imangokhala pa kagawo kochepa ka disiki, kwina konseko zakale zili phee kudikira.

Ndiye musapatse munthu, chitani nokha. Koperani kaye zanu zonse kwina ndipo muzitsegule muone kuti zakoperekadi. Mukatero zulani external hard drive ndi ma flash onse, chifukwa DBAN, pulogalamu yaulere ija yofufutira disiki yonse imene mumaiyatsa kuchokera pa CD kapena flash, mukailembera autonuke imapsereza disiki iliyonse imene yaipeza, sifunsa kuti iyi ndi ya backup. Ngati DBAN ikukuopsani, yatsani laputopu ndi flash yoikira Windows, dinani Shift ndi F10, lembani diskpart, kenako list disk, select disk ndi nambala yake, kenako clean all. Onetsetsani kuti mwalemba all, chifukwa clean yokha ndi bodza lomwe lija. Clean all imalemba maziro pa disiki yonse, ndipo pa 500GB mudikira maola, osati ola limodzi la mkulu wanga uja. Ngati muli pa Windows 10, pa Reset this PC sankhani Remove everything, komanso muyatse posankha kuti iyeretse drive. Mukaona kuti yatha msanga, dziwani kuti sinagwire ntchito.

Wina akuuzani kuti kufufutako mukubwereze ka 35. Zimenezo ndi za Peter Gutmann za mu 1996, za madisiki a nthawi imeneyo. Kamodzi n'kokwanira. Koma onani kaye ngati munthu sanaikemo SSD, disiki ija yosazungulira mkati, chifukwa DBAN siyenera pa SSD, imeneyo imafuna Secure Erase ya kampani imene inaipanga. Mukamaliza ikani Windows, ikani Recuva nokha, muchite deep scan, muone ndi maso anu kuti palibe chikutuluka. Ndipo sinthani ma password a imelo ndi Facebook, musaiwale kuti browser inkawasunga.

Komabe kunena zoona, ngati simunalowepo mu BIOS (menyu ija ya kompyuta imene mumalowa Windows isanayake) chibadwire, musalimbane nazo nokha, mungafufute disiki yolakwika n'kudzalira muno. Pezani wodziwa, koma mukhale naye pompo mpaka ithe, ngakhale akwiye.

Ine laputopu yotsatira sindinadalirenso maziro amene ndikukuuzaniwa. Ndinamasula tizisikuluwu, ndinatulutsa hard drive, ndinaiboola ndi drill malo anayi, laputopu ndinagulitsa yopanda disiki ngakhale mtengo unatsika. Mayi a kunyumba ndinawauza za chithunzi chija patatha sabata, ndipo anakhala masiku atatu osandilankhula.