Dzino latsopano lamera kumbuyo kwa lakale: kodi ndizule lakalelo?

Funso: Mwana wanga wamkazi wakwanitsa zaka 6, ndipo dzino lake lakutsogolo la m'munsi lakhala likugwedera kwa milungu ingapo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti latsopano lamera kale kumbuyo kwake, moti mano ali m'mizere iwiri. Ena akundiuza kuti ndimange ulusi dzino lakalelo n'kulizula. Kodi nditero?
Mayi wa ana awiri

Yankho: Mayi, musalizule, chifukwa zimene mwaonazi zimachitikira ana ambiri ndipo nthawi zambiri zimakonzeka zokha.

Mwana amakhala ndi mano oyamba 20, amene amayamba kumera ali ndi miyezi pafupifupi 6. Manowa amayamba kuguluka mwana akafika zaka 6 kapena 7, ndipo kawirikawiri amatsogola ndi awiri akutsogolo a m'munsi, pomwe omaliza amachoka mwanayo akuyandikira zaka 12. Dzino limagwedera chifukwa lachikhalire, limene likukula m'nsagwada, limasungunula muzu wa lakale pang'onopang'ono mpaka utatha. Likatulukira chakumbuyo, monga zachitikira mwana wanuyu, muzuwo sutha msanga. Lakale likadzachoka, lilime limakankhira latsopanolo kutsogolo mpaka litalowa pamzere.

Muloleni aziligwedeza yekha ndi lilime kapena chala chosamba bwino. Kulikoka ndi ulusi muzu usanathe kumang'amba nkhama ndiponso kumamupweteka mwana, ndipo kachidutswa ka muzu kangatsalire m'kati. Dzino likaguluka n'kutuluka magazi pang'ono, mwana alume kansalu koyera kwa mphindi zingapo. Koma ngati papita miyezi iwiri lakalelo lili chilimbire, kapena nkhama zatupa, kapena mwana akumva kupweteka, pitani naye kwa dokotala wa mano. Musadabwenso kuona kuti mano atsopano ndi aakulu, achikasu pang'ono komanso a manomano kunsonga. Umo ndi mmene amamerera.

Chimene ine ndimada nacho nkhawa kwambiri si mano akutsogolowa, amene aliyense amawaona, koma akumbuyo. Pa msinkhu womwewu mano anayi akuluakulu otafunira amamera kumapeto kwenikweni kwa mzere, awiri kumwamba ndi awiri m'munsi, popanda dzino lililonse kuguluka. Makolo ambiri amaganiza kuti ndi ena mwa mano oyamba aja, choncho akayamba kubooka sachitapo kanthu poyembekezera kuti adzaguluka okha, pamene manowa ali m'gulu la mano 32 achikhalire ndipo akawonongeka sipameranso ena.

Muyang'aneni mwana wanu m'kamwa pamalo owala, muone ngati manowa atuluka. Azitsuka m'kamwa kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fuloraidi (mankhwala olimbitsa mano), makamaka asanagone, ndipo inu muzimuthandiza kufikitsa mswachi kumbuyoko, popeza mwana wa zaka 6 sanadziwe kutsuka bwino payekha.