Funsani Dokotala: Kodi oilo wotayika angalumaze mwana wosabadwa?

Adokotala, amuna anga amagwira ntchito pagalaja ina muno mu Zomba. Mwezi wathawu mgolo wa oilo wakuda udabooka usiku, ndipo iwo adatha masiku atatu akuwola oiloyo ndi utuchi ndi masanza, opanda magolovesi. Poweruka amasamba m'manja ndi petulo. Mlamu wanga akuti mafuta otere amaononga magazi mpaka munthu kubereka mwana wolumala. Ife tikufuna mwana wachiwiri, ndiye mtima suli m'malo.
Mayi wa ku Chinamwali

Mayi, khazikani mtima pansi. Mlamu wanu wamva zoona, koma wazikuza.

Thupi limapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'maselomo muli DNA, malangizo a chibadwa chathu. Mafuta ena amathadi kuivulaza. Mu 2002 sitima yotchedwa Prestige idamira kufupi ndi gombe la Galicia ku Spain, n'kutaya matani oposa 60,000 a mafuta. Asodzi a kumeneko adagwira ntchito yowola phala lakudalo kwa masabata ambiri. Patapita zaka ziwiri madokotala atawapima, adapeza kuti ambiri akadali ndi chifuwa ndi befu, ndipo m'maselo oyera a m'magazi mwawo DNA idali itaduka malo ambiri kuposa ya asodzi amene sadagwire nawo ntchitoyo.

Taonani pamene vuto lidapezeka: m'maselo a magazi. Mwana satengera maselo amenewo, amatengera za mu umuna ndi dzira. Choopsa chenicheni cha kuduka kwa DNA ya m'magazi chimagwera mwini thupi, pakuti kumakuza mpata wa khansa patsogolo. Komanso zimatengera kuchuluka kwa mafuta ndi kutalika kwa nthawi. Masiku atatu si chifukwa cholekera kufuna mwana. Thupi limakonza DNA yoonongeka tsiku ndi tsiku, ndipo umuna watsopano umapangidwa pa miyezi pafupifupi itatu, choncho ngati kudikira miyezi imeneyo kungakupatseni mtendere, dikirani.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si mgolo uja ayi. Ndi petulo wosambira m'manja. Ndikukhulupirira kuti sadayambe mwezi wathawu. Mu petulo muli benzene, mankhwala odziwika bwino kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Amalowa popuma komanso kudzera pakhungu, makamaka khungu long'ambika ngati la manja a makaniko, n'kukafika m'kati mwa mafupa momwe magazi amapangidwira. Oilo wakuda wochoka mu injini naye ali ndi zotsalira za moto zimene, zikamakhala pakhungu zaka ndi zaka, zingathe kubweretsa khansa yapakhungu. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata akukoka petulo ndi pakamwa kudzera m'payipi, kenako n'kulavula, n'kupukuta milomo ndi mkono wa ovolosi yonyowa kale oilo. Ngati bambo amachita zimenezi, aleke lero. Ngati amasuta, adziwe kuti mu utsi wa fodya mulinso benzene.

Asambe ndi sopo ndi madzi ofunda. Agule magolovesi okhuthala osalowa mafuta, pakuti ansalu amangomwa oilo n'kumusunga pakhungu. Kansalu kapamphuno sikatchinga mpweya wa petulo, chofunika n'kugwirira ntchito podutsa mphepo. Utuchi wonyowawo asauotche kapena kuutaya mu ngalande, chifukwa mvula ikagwa umatsikira mu Likangala mpaka ku Nyanja ya Chilwa komwe timadyako matemba.

Akamatopa popanda chifukwa, kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, kapena kudwaladwala malungo osapezeka, apite ku Zomba Central Hospital akapimitse magazi onse, ndipo akauze dokotala ntchito imene amagwira.

Inuyo mayi, ovolosi yawo musaichapire limodzi ndi zovala za mwana. Mukadzaima, azichapa okha kuntchito komweko.