Funsani Dokotala: Woyamba anabadwa pa opareshoni, wachiwiriyu ndingabereke ndekha?

Adokotala, ndine mayi wa zaka 24, ndimakhala kutsidya kwa Shire, dera la Makhanga. Mwana wanga woyamba anabadwa pa opareshoni zaka zitatu zapitazo nditavutika ndi matenda masiku awiri. Pano ndili ndi pakati pa miyezi 7. Kusikelo andiuza kuti ndikadikirire kuchipatala chachikulu, mwina andichitanso opareshoni. Apongozi akuti madokotala amangothamangira mpeni, ndipo andipezera mwanamphepo kuti ndidzachire msanga. Ndimvere ndani?

Mayi, ndiyambe ndi mwanamphepoyo poti ndi amene wandidetsa nkhawa. Musamwe, ngakhale kadontho. Mankhwalawa amafinya chiberekero mwamphamvu popanda muyeso, pomwe chanucho chili ndi chipsera. Mukudziwa thumba losoka likadzaza kwambiri limayambira pamsoko kuphulika. Chiberekero chikang'ambika, magazi amatayikira m'kati osaoneka, mwana amatha kufa m'mphindi zochepa, ndipo mayi amapulumuka pokhapokha chipinda cha opareshoni chili pafupi.

Koma apongozi anu sakulakwa zonse. Zinthu zikakhala bwino, kubereka nokha kumaposa opareshoni: mumachira msanga, magazi satayika ambiri, ndipo palibe bala loti muzilisamala m'kutentha kwathu kuno. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 1985 kuti pa amayi 100 obereka, ofunika opareshoni sayenera kupitirira 10 mpaka 15. Kungoti m'midzi ya kuno kuchigwa chomwe chimatipweteka ndi kuchedwa. Mayi amafika atatopa, mutu wa mwana utakanirira tsiku lonse, kenako wayamba kudontha mkodzo, matenda aja a fisitula. Ndinenenso pano kuti matenda akatalika sindiye kuti mayi kapena bambo anayenda njira zina ayi, n'kutaya nthawi kuululitsa munthu ali pa ululu.

Kubereka nokha mutachitidwa opareshoni kamodzi n'kotheka. Mwa amayi anayi oyesa, pafupifupi atatu zimawayendera, ndipo chipsera chimang'ambika kwa mmodzi mwa amayi pafupifupi 200. Zaka zitatu mwapumazi zikukuthandizani. Chachikulu n'chifukwa chomwe anakuchitirani opareshoni yoyamba ija. Ngati mwana anapingasa kapena anatsogoza matako, vutolo linali la mimba imeneyo basi. Koma masiku awiri mwanenawo akundiganizitsa kuti mwina njira inachepa poyerekeza ndi mutu wa mwana, ndipo zotere zimatha kubwereranso.

Choncho tengani kabuku kanu ka kuchipatala, kakale kaja, mukafunse. Anandichita opareshoni chifukwa chiyani? Mwanayu wagona bwanji? Ndi wamkulu? Nsengwa yakhala pati? Mungandilole kuyesa ndekha mukundiyang'anira? Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Akakhala wotanganidwa, dikirani anamwino mzere ukatha. Akakufotokozerani chifukwa chomveka kuti opareshoni ndiyo njira, vomerani msanga, chifukwa yokonzekera imakhala ndi mavuto ochepa kusiyana ndi yadzidzidzi ya pakati pa usiku.

Za kukadikirira kuchipatala ndiye sitingakambirane n'komwe. Ndinu wa ku Makhanga, simunaiwale Januwale wa 2015 pomwe madzi anazinga dera lonse, kapena namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Matenda akayamba usiku, bwato ndi kabaza sizingakufikitseni pa nthawi yake. Chipatala chaching'ono cha kwanuko chilibe pochitira opareshoni. Mukufunika chonga cha Trinity ku Muona, Montfort ku Nchalo, kapena cha boma ku Nsanje kapena ku Chikwawa. Mwezi wa 9 ukamayamba mukhale muli kale kuchidikiro, ufa ndi nkhuni zili pambali. Mukaona magazi, madzi atasweka, mutu ukuwawa kwambiri, ululu pachipsera, kapena mwana wasiya kusewera, nyamukani tsiku lomwelo osadikira mwezi.

Apongoziwo musakangane nawo. Apempheni akuperekezeni kusikelo ulendo wotsatira, amve okha kuchokera kwa anamwino, ndipo ngati angathe adzakhale iwo okudikirirani kuchidikiro. Botolo la mwanamphepolo litsale kunyumba.