Kodi chilankhulo chimayenda m'magazi?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti anamva kuti asayansi anapeza jini ya chilankhulo (jini ndi kachidutswa ka malangizo a m'thupi komwe mwana amatengera kwa makolo), ndiye akufuna kudziwa ngati mwana amabadwa ali kale ndi chilankhulo cha makolo ake m'magazi.

Mayi, ayi ndithu. Khanda lobadwira ku Japan likakulira ku Brazil lidzayankhula Chipwitikizi ngati mbadwa. Chimene mwana amatengera kwa makolo ndi ubongo wokonzeka kutola chilankhulo chilichonse chomwe chamuzungulira.

Jini munamvayo ndi FOXP2. Akatswiri a payunivesite ya Oxford ku England anailengeza mu 2001 atafufuza banja lina la ku London lomwe amangolitchula kuti KE. Pafupifupi theka la anthu a m'banjamo, kuyambira agogo mpaka zidzukulu, ankavutika kutchula mawu. Milomo ndi lilime sizinkamvana, moti mawu aatali ankatuluka opindika. Onse ovutikawo jini imeneyi inali ndi chilema pamalo amodzi. Komatu kuitcha jini ya chilankhulo n'kukokomeza, ndipo ine zimandiwawa ndikaona nkhaniyi ikufalitsidwa choncho. Mbewa ili nayo. Mbalame zoimba zili nayo, ndipo ikasokonezedwa, mwana wa mbalame amalephera kutsanzira bwino nyimbo ya bambo ake. Ntchito ya jiniyi ndi kuyatsa ndi kuzimitsa majini ena ambiri pamene ubongo ukuumbika.

Za ubongozo zinayamba kudziwika kalekale. Mu 1861, dokotala Paul Broca wa ku Paris anaona wodwala amene ankamva zomwe akuuzidwa, koma pakamwa pake pankangotuluka liwu lakuti "tan". Atamwalira, anapeza kuti mbali yakumanzere ya ubongo wake, chakutsogolo, inali itawonongeka. N'chifukwa chake sitiroko ikagwira mbali imeneyi, munthu mawu amamuthawa ngakhale nzeru zilipo.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri chinachitika ku Nicaragua. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ana ogontha anayamba kusonkhanitsidwa pasukulu mumzinda wa Managua. Aphunzitsi ankalimbana nawo kuti aziwerenga milomo ya anthu oyankhula Chisipanishi, koma sizinkatheka. Kunja, pabwalo lamasewera ndi m'basi, anawo ankakodolana ndi manja, aliyense ndi zizindikiro zomwe ankagwiritsa ntchito kwawo. Tiana tatingʼono tobwera pambuyo tinatola zizindikirozo, n'kuzifupikitsa, n'kuziikira malamulo osonyeza amene wachita chinthu ndi amene wachitiridwa. Palibe wamkulu anawaphunzitsa zimenezo. Lero chimenecho ndi chinenero chamanja cha dziko la Nicaragua.