Tsiku lotsika m'sitima ku Durban: yankho kwa amayi a ku Luchenza

Amayi ena a ku Luchenza anditumizira imelo. Akuti mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg wawagulira tikiti yokayenda pa sitima yapamadzi ya kampani ya MSC, yonyamuka ku Durban kukazungulira kugombe la Mozambique n'kubwereranso. Za kakweredwe mwanayo wawafotokozera kale. Funso lawo n'lakuti: "Nanga potsika zimakhala bwanji? Ndingathe kutsika m'mawa n'kuuyamba ulendo wakumudzi tsiku lomwelo?"

Amayi, musayerekeze. Sitima imakocheza padoko m'bandakucha, inde, koma kukocheza si kutsika. M'katimo muli anthu masauzande, ndipo palibe amene amaponda pansi akuluakulu a zolowa ndi kutuluka m'dziko asanavomereze. Akavomereza, mumatsika m'magulumagulu, ndipo gulu lanu likakhala lakumapeto dzuwa limakwera mukadali pampando, chikwama chili pamiyendo. Kuchoka padoko la Nelson Mandela, pamene sitimayo imakocheza ku Durban, kukafika pabwalo la ndege la King Shaka ndi makilomita pafupifupi 35. Ndege za ku Chileka nazo mumakakwerera ku OR Tambo ku Johannesburg. Mukati muyende pabasi, Durban ndi Johannesburg zatalikirana makilomita oposa 550, ndiye kudikire kwinanso kwa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Ine ndikuti kagoneni kwa mwana wanu usiku umodzi kapena awiri, tikiti yobwerera kuno ikhale ya tsiku lina. Tikiti yothithikana imawoneka yopulumutsa ndalama, koma ikakusiyani mudzagula ina.

Tsopano za usiku womaliza, pamene alendo ambiri amapunthwa. Madzulo ake ogwira ntchito amakusiyirani m'chipinda timapepala tamitundu tomangirira kuchogwirira cha sutikesi, ndi kalata yonena nthawi ndi malo amene gulu lanu likasonkhane. Mtundu wa kapepalako ndiwo gulu lanu. Sutikesi mumaiika panja pa chitseko musanagone, iwo amaitenga usiku, ndipo simudzaionanso mpaka kumtunda. Apa ndiye mumvetsetse, amayi. Musanatseke zipi, yalani pabedi zovala zamawa zonse: diresi, chitenje, duku, nsapato, juzi. Pali anthu amene amalongedza chilichonse, m'mawa n'kudzuka ali ndi chovala chogonera chokha, nsapato zili m'chipinda cha katundu pansi pa sitima. Pasipoti, khadi ya m'sitima imene amakupatsani pokwera, mankhwala a BP kapena a shuga, magalasi, foni ndi tchaja, ndalama, zonsezi zigone nanu m'kachikwama kam'manja. Musaiwale kutsegula kabokosi kachitsulo kosungiramo zamtengo wapatali kali m'kabati. Kamabisika, ndipo pasipoti zambiri zimatsala mmenemo.

Kumtunda masutikesi amawandandalika muholo ngati matumba a chimanga pa ADMARC, ambiri akuda, ofanana. Ng'ambani kansalu ka chitenje chowala mumange kuchogwirira, mudzaizindikira muli patali. Ngati sutikesi yanu ndi yaing'ono ndipo mphamvu zilipo, mutha kusaipereka n'kudzatsika nayo nokha, koma ma lifiti m'mawa umenewo amadzaza, ndiye pa msinkhu wathu uno ine sindilimbikitsa.

Nkhani ya bilu musaisiyire m'mawa. M'sitima simugula ndi ndalama yapamanja. Chilichonse, kaya ndi fanta, chithunzi chimene anakujambulani polowa, kapena ulendo wapaboti, chimalembedwa pa khadi ija. Palinso ndalama yothokozera ogwira ntchito imene amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse, pokhapokha ngati inalipiridwa kale pogula tikiti, ndiye mufunseni mwana wanu. Kutatsala tsiku limodzi pitani kukauntala ya alendo mukapemphe pepala la bilu, muliwerenge mzere ndi mzere muli khale. Cholakwika chimakonzeka mosavuta muli m'sitima momwemo. M'mawa wotsika mzere wa pakauntala umatalika, ndipo mukangotsika zimasanduka za maimelo. Ngati munasungitsa ndalama yapamanja yoti azichotsapo zimene mwagula pa khadiyo, chenji chanu mutengeretu. Khadi ija musaitaye, amaiunika potuluka.

Foni izimitsidwe data mpaka mutaponda pamtunda, chifukwa netiweki yapanyanja imadya mayunitsi moopsa.

Zogula za m'sitolo ya m'sitima zimakopa poti alibe msonkho, koma kumbukirani kuti zipata ndi ziwiri. South Africa imalola munthu wamkulu malita 2 a vinyo ndi lita 1 ya mowa waukali popanda msonkho, ndipo kuno a MRA adzafunsanso zawo pa Chileka kapena pa Mwanza. Malisiti onse muwasunge mu envulopu imodzi. Zipatso ndi nyama za patebulo la chakudya musatsike nazo.

Chomaliza n'cha thupi. Mukatsika mutha kumva ngati pansi pakuyendayenda, tsiku limodzi kapena awiri. Si matenda ayi, ndi mutu umene unazolowera mafunde. Zikapitirira sabata, kapena pakabwera kusanza, pitani kuchipatala. Chifukwa cha chizungulire chimenechi, ndi masutikesi awiri amene ndikudziwa kuti mubwera nawo, uzani wina wakunyumba adzakuchingamireni ku Blantyre. Kulimbana ndi oitanira minibasi pa Limbe muli nokha, mutatopa chonchi, n'kudzizunza.